Masabata oyamba wodwala akatuluka m'chipatala: zomwe ofufuza apeza, ndi mmene zikutikhudzira ife a ku Johannesburg

Uthenga ukafika pa gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la anthu akwathu kuti uje amutulutsa m'chipatala, mitima imakhala pansi. Zopereka zimaima, ozonda amabwerera ku ntchito zawo, ndipo akumudzi amauzidwa kuti asadere nkhawa, munthu uja wapeza bwino. Madokotala amene akhala akutsatira odwala akatuluka pa geti saona choncho. Kwa iwo masabata amenewo ndi oopsa kwambiri, chifukwa amene ankamusamalira munthuyo amusiya, pomwe oyenera kumulandira sanamuonebe, mwinanso sakudziwa n'komwe kuti akubwera.

Nkhaniyi inakula mpaka kukhala ndi kafukufuku wakewake. Ofufuza amayang'ana paliponse pamene wodwala amachoka m'manja mwa ena kupita m'manja mwa ena: kuchoka mu wodi kupita kunyumba, kuchoka ku chipatala chachikulu kupita ku kiliniki ya kudera, mnyamata kapena mtsikana kuchoka ku kiliniki ya ana kupita ku ya akuluakulu, mayi amene wachira kuchoka ku sikelo kubwerera pa mzere wa aliyense. Ife tili ndi kusamuka kwina koonjezera, kochoka dziko lina kupita lina, ndipo ena timatero chaka ndi chaka.

Mu 2003, Alan Forster ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atatsatira odwala 400 otulutsidwa m'chipatala china chachikulu ku America. Patapita pafupifupi masabata atatu anawaimbira foni mmodzimmodzi. Anthu 76, ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse, anali atakumana ndi vuto lochokera ku chisamaliro chimene analandira osati ku matenda awo, ndipo mavuto ambiri anali okhudza mankhwala. Kumeneko n'kudziko lolemera. Mu 2022 Nathan Ford wa bungwe la WHO ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wokhudza anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, nafalitsa mu magazini ya Lancet HIV. Anapeza kuti mwa anthu 100 alionse otulutsidwa m'chipatala, pafupifupi 19 ankagonekedwanso ndipo pafupifupi 14 ankamwalira atatuluka. Chiwerengero cha imfa chinali chokwera kwambiri m'kafukufuku wa muno mu Africa.

Kuti timvetse chimene chimalakwika, tiyambe ndi pepala limene munthu amapatsidwa potuluka. Lamulo la zaumoyo la dziko lino la South Africa, National Health Act la 2003, pa ndime 10, limati aliyense amene anagonekedwa apatsidwe lipoti lolembedwa pa tsiku lotuluka. Nthawi zambiri pepalalo limakhalapo ndithu. Koma limalembedwa kuti awerenge dokotala mnzake, osati mwini matenda. Dzina la matenda limakhala lofupikitsidwa, mndandanda wa mankhwala opita nawo kunyumba umakhala pansi pa zilembo zoti TTO, ndipo kumapeto, m'zolemba zothamanga, pamakhala TCB 2/52. Amene sanafotokozeredwe sangadziwe kuti akuuzidwa kubweranso pakatha masabata awiri. Mukapita kukamuzonda m'kachipinda kake ka lendi ku Mayfair kapena ku Diepsloot, macheza amayenda chonchi:

"Achimwene, akuti mubwerere liti?"

"Angoti ndizipita ku kiliniki yakufupi."

"Iti?"

"Sanatchule."

Pa tebulo pali jumbo ya mankhwala atsopano pambali pa mabotolo akale, ndipo akumwa onse, osadziwa kuti mwa amenewo awiri ndi mankhwala amodzimodzi a BP, angosiyana paketi.

Kwathu ku Malawi, mbali yaikulu ya ntchito imeneyi amaigwira gadiyani, ngakhale sitiitchula kuti ntchito. Ku Queens kapena ku Central, gadiyani amagona pafupi ndi wodwala, amamva zimene dokotala wanena poyendera wodi, amasunga buku la kuchipatala m'chitenje, ndipo pobwerera kumudzi ndi iye amene amakumbukira kuti jekeseni anasiya liti ndi tsiku lobwerera. Kuno wachibale wa munthu wamkulu amangololedwa pa maola ozonda odwala, komanso wachibaleyo ali pa ganyu yoti akajomba tsiku limodzi malipiro palibe. Ndiye wodwala amalandira malangizo onse yekha, ali wofooka, m'Chingerezi kapena m'Chizulu chimene amachimva mwa apo ndi apo, mtima uli kale pa geti. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene vuto lathu likusiyanirana ndi la eni dziko, ndipo si vuto laling'ono.

Kafukufuku wina amene amandikhudza kwambiri anachitikira konkuno, pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Mary Edginton ndi anzake anatsatira anthu opezeka ndi TB pachipatalapo n'kutumizidwa ku makiliniki kuti akapitirize mankhwala. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2005 zinaonetsa kuti amene anafika ku kiliniki m'masabata awiri anali pafupifupi theka chabe. Mankhwala a TB yosavuta amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kudukiza kumabweza matenda, kupatsira am'nyumba, nthawi zina n'kubala TB yosamva mankhwala. Chipatalacho chinatsegula malo apadera oti aliyense wa TB azidzera pamenepo asanatuluke: alembedwe, afotokozeredwe, asankhe kiliniki imene angathe kufikako, ndipo wina azifufuza ngati wafikadi. Ataunikanso, anapeza kuti ochuluka zedi anayamba kufika. Panalibe mankhwala atsopano kapena makina odula. Panangopezeka anthu amene ntchito yawo inali yoonetsetsa kuti wodwala wafika kumene watumizidwa.

Kudziwa ngati njira ina ikuthandizadi n'kovuta kuposa mmene timaganizira. Wodwala amene wagonekedwa amakhala pa nthawi yake yoipitsitsa, ndipo ambiri amayamba kupeza bwino ngakhale pasachitike china chapadera. Choncho ofufuza amagawa odwala m'magulu awiri mwa maere. Gulu lina limalandira chisamaliro cha masiku onse, linalo limalandira njira yatsopanoyo, kenako amayerekeza. Maerewo ndi amene amachititsa kuti magulu awiriwo afanane pa msinkhu, pa umphawi ndi pa kukula kwa matenda.

Mary Naylor wa ku University of Pennsylvania anaonetsa mu 1999 kuti anamwino odziwa bwino ntchito, akamakonzekeretsa okalamba asanatuluke n'kumawayendera kunyumba, ogonekedwanso amachepa. Eric Coleman wa ku Colorado anayesa njira yopepukirapo pa odwala 750 a zaka 65 kupita m'tsogolo, nafalitsa mu 2006. Wodwala aliyense ankapatsidwa mlangizi amene ankamuona ali mu wodi, kumuyendera kunyumba kamodzi, ndi kumuimbira foni katatu m'mwezi woyamba. Mlangiziyo sankachita zinthu m'malo mwa wodwala. Ankamuphunzitsa kudziwa mankhwala ake, kusunga kabuku ka mbiri ya matenda ake, kupita kukaonana ndi dokotala pa tsiku lake, ndi kuzindikira zizindikiro zoti zinthu zikuipa. Pakutha pa masiku 30, ogonekedwanso anali pafupifupi 8 mwa 100, pomwe m'gulu linalo anali pafupifupi 12. Ku Boston Medical Center, Brian Jack ndi anzake anapeza zofanana mu 2009 pa odwala 749: namwino ankakonzeratu masiku okaonana ndi madokotala, wodwala ankapatsidwa kabuku kolembedwa m'mawu osavuta, ndipo katswiri wa mankhwala ankamuimbira patapita masiku awiri mpaka anayi. Kubwerera ku chipatala kunatsika ndi pafupifupi magawo 30 mwa 100.

Zikanathera pamenepo bwenzi nkhaniyi ili yokoma. Mumzinda wa Camden ku New Jersey munali pulogalamu yotchuka kwambiri yoyendera odwala osauka amene ankagonekedwa pafupipafupi. Aliyense ankaiyamikira, chifukwa odwala ake ankaoneka kuti achepetsa kubwerera ku chipatala. Eni ake analimba mtima n'kulola kuti iyesedwe mwa maere pa anthu 800. Zotsatira zinatuluka mu 2020 mu magazini ya New England Journal of Medicine: pakutha pa masiku 180, ogonekedwanso anali pafupifupi 62 mwa 100 m'magulu onse awiri. Kutsika kumene ankakuona kale kuja kunkachitikanso mwa amene sanayenderedwe.

Kufupi ndi kwathu, ku Mwanza ya ku Tanzania, Robert Peck ndi anzake anayesa njira yotchedwa Daraja pa anthu 500 amene ali ndi HIV ndipo anali atagonekedwa. Alangizi ankakumana nawo mpaka kasanu m'miyezi itatu, kuwathandiza kufika ku kiliniki ya ma ARV. Anafikadi msanga, ndipo anamwa mankhwala mokhulupirika kuposa anzawo. Koma pakutha pa chaka, imfa zinali pafupifupi 17 mwa 100 m'magulu onse awiri. Izi zinafalitsidwa mu 2024 mu magazini ya JAMA. Ku Klerksdorp, m'chigawo cha North West, Christopher Hoffmann ndi anzake anayesa zina: namwino ndi mlangizi ankapita kunyumba kwa wodwala kukamupima, osati kungomulimbikitsa. Imfa zinachepa m'gulu loyenderedwa, koma anthu ake anali ochepa, moti kafukufukuyo anali wongoyesera njira.

Mmene ndimazimvera ine, munthu amene wagonekedwa chitetezo chake chitatsikiratu amatuluka akudwalabe kwambiri. Kumufikitsa pa mzere wa ma ARV n'kofunika, koma ngati m'thupi mwake mwabisala TB kapena matenda oumitsa khosi, kapena impso zayamba kufooka, akufunika wina woti amupime m'sabata yoyamba, osati mwezi wamawa. Ndipo ngati kunyumba kulibe chakudya kapena ndalama ya takisi, foni ya mlangizi singathetse zimenezo. Chimene chili m'manja mwathu n'chochepa koma chenicheni. Magulu athu a zamaliro amatha kusonkhanitsa ndalama zambiri zotumizira thupi kumudzi; gawo laling'ono la mphamvu imeneyo likanapita pa kusankha munthu mmodzi woti akhalepo pa tsiku lotuluka, afunse namwino dzina la kiliniki ndi tsiku lobwerera, aonetse mabotolo akale kuti auzidwe oyenera kusiya, n'kumuperekeza wodwalayo ulendo woyamba wa ku kiliniki. Namwino wotanganidwa amayankha ndithu mukamufunsa mwaulemu kuti, "Sister, tifotokozereni pang'onopang'ono, ine ndi amene ndizimusamalira."

Tisaganize kuti kusamutsidwa kulikonse n'koipa. Anthu ambiri amakhumudwa akauzidwa kuti asiye chipatala chachikulu azikatengera mankhwala ku kiliniki yaing'ono, amaona ngati atayidwa. Ofufuza a HE2RO, nthambi ya yunivesite ya Wits imene imagwira ntchito ndi Boston University, anatsatira odwala amene anali bwino pa ma ARV ku Themba Lethu Clinic ya pa Helen Joseph Hospital n'kutumizidwa ku kiliniki ya Crosby kuti azionedwa ndi anamwino. Mu 2011 anaonetsa kuti odwalawo anachita bwino mofanana ndi otsala, mwinanso kuposa, ndipo ndalama zinapita zochepa. Kusiyana kwake n'koti anasamutsidwa ali bwino, kumalo kumene ankawayembekezera.

Za achinyamata n'zowawa mwa mtundu wina. Mwana wobadwa ndi kachilombo amakulira m'kiliniki ya ana, monga ya Harriet Shezi ku Baragwanath, kumene anamwino amamudziwa dzina, amadziwa kalasi imene ali, amamufunsa za mayeso. Tsiku lina amauzidwa kuti wakula. Amapezeka pa benchi pakati pa anthu a msinkhu wa makolo ake, pa tsiku la sukulu, ndipo akalephera kubwera palibe womufunafuna. Brian Zanoni ndi anzake anapeza ku KwaZulu-Natal kuti patatha chaka chimodzi, mwa achinyamata osamutsidwira ku kiliniki ya akuluakulu, amene ankabwerabe anali pafupifupi theka, pomwe mwa otsala ku ya ana anali oposa 9 mwa 10. Kwathu tili ndi ma Teen Club, amene amakumana Loweruka, ndipo kafukufuku wa ku Zomba Central Hospital wa 2017 anaonetsa kuti achinyamata opita ku makalabuwo sankasowa kwambiri ngati anzawo. Ku Zimbabwe, pulogalamu ya Zvandiri inayesedwa mwa maere m'makiliniki 16 pa achinyamata 500. Achinyamata anzawo, nawonso a kachilombo, ankawayendera ndi kuwakumbutsa mankhwala. Patatha masabata 96, amene anamwalira kapena amene tizilombo tinawachulukira m'magazi anali 25 mwa 100, poyerekeza ndi 36 mwa 100 m'gulu linalo. Makolo amene mwaitanitsa mwana wotere kuchokera kumudzi kuti adzakhale nanu kuno, dziwani kuti mwamusamutsa kawiri nthawi imodzi: wasiya kalabu yake, wasiyanso chilankhulo chimene amatha kufotokozera zakukhosi.

Tsopano za ife oyendayenda. Munthu akasiya kuoneka pa kiliniki, mabuku amamulemba kuti wasowa, ndipo pakamwa pa anthu amasanduka difota. Kwa zaka zambiri ziwerengero za osowa zinkaopsa aliyense. Koma dziko lino lili ndi mwayi umodzi: magazi a m'zipatala za boma amayezedwa ndi bungwe limodzi, National Health Laboratory Service. Matthew Fox ndi anzake analumikiza zotsatira za magazi za munthu mmodzimmodzi m'dziko lonse, nafalitsa mu 2018. Poyang'ana kiliniki imene munthu anayambira ma ARV, otsalabe patatha zaka zisanu ndi chimodzi anali pafupifupi 29 mwa 100. Poyang'ana dziko lonse, anali pafupifupi 63 mwa 100. Ambiri mwa olembedwa kuti asowa anali atangosamuka, opanda kalata. Kate Clouse anapeza zofanana mwa amayi amene anayambira mankhwala ali oyembekezera kuno ku Gauteng: oposa gawo limodzi mwa atatu a amene ankati asowa anapezeka akulandira chithandizo kwina. Mayi akachira amapita kwa amayi ake kuti akamuthandize mwana, ndipo palibe chachilendo pamenepo. Chachilendo n'choti zipatala zinakonzedwa ngati anthu sayenda.

Kulumikiza kumeneko kumathera pa malire a Beitbridge. Namwino wa ku Mangochi kapena ku Mzimba sangaone pa kompyuta yake zotsatira za magazi anu a ku Hillbrow, ndipo wa ku Hillbrow sangaone khadi yanu ya kumudzi. Mayi wa ku Lilongwe amene wabereka ku chipatala cha Rahima Moosa kuno ku Johannesburg n'kubwerera kwawo amangowerengedwa kuti wasowa, ngakhale akumwa mankhwala tsiku lililonse. Jo Vearey ndi anzake a African Centre for Migration & Society ku Wits akhala akunena kwa zaka zambiri kuti ntchito zaumoyo m'chigawo chino ziyenera kukonzedwa modziwa kuti anthu amayenda. Chitsanzo chilipo. Ku Musina, bungwe la madokotala la MSF linkathandiza anthu a ku Zimbabwe ogwira ntchito m'mafamu, ndipo linkafunsa aliyense za maulendo ake nthawi iliyonse akabwera, kumupatsa kabuku koyenda nako, kalata, mankhwala a miyezi itatu, ndi mapu osonyeza kumene angapeze ma ARV kwawo. Kafukufuku wa INTERVAL, amene anachitika m'zipatala 30 za ku Malawi ndi Zambia ndipo anafalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti kupereka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kwa amene ali bwino sikuchititsa anthu kusowa. Kwa munthu woyenda, zimenezi n'zamtengo wapatali.

Pali kanthu kakang'ono kamene kamasokoneza ambiri. Kwathu munthu amati, "Ndimamwa 13A." Namwino wa kuno nambala imeneyo saidziwa. Iye amadziwa TLD. Mankhwalawo ndi amodzi: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir m'piritsi limodzi, ndipo maiko onse awiri anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2019. Amene wabwera ndi botolo lake, ngakhale lopanda kanthu, nkhani imatha msanga. Amene wabwera chimanjamanja, kapena amene waopa kunena kuti ankamwa kale, amayezedwa ngati watsopano, ndipo mbiri yake yonse imafufutika. Ngati anasinthidwapo mankhwala chifukwa oyamba analephera kapena anamuwenga, dokotala watsopanoyo sangadziwe.

Mantha amenewo ali ndi chifukwa chake, ndipo sindingaweruze munthu amene waima pa geti ya kiliniki akufunsidwa mapepala ndi anthu amene si ogwira ntchito pamenepo. Komabe malamulo ndi omveka. Ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko lino imati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Mu April 2023 khothi lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera kapena mapepala. Chimene ndikupempha n'choti tisatsegule fayilo pa dzina la munthu wina, kapena kusintha kalembedwe ka dzina ndi tsiku lobadwa pa kiliniki iliyonse. Zotsatira za magazi zimasakidwa ndi dzina ndi tsiku lobadwa. Munthu mmodzi wa mayina atatu ali ndi mbiri zitatu zoduka, ndipo pa tsiku limene wabwera ali chikomokere palibe imene ingamuthandize.

Amene mukukonzekera basi ya December pa Park Station, yodzera Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, uzani a ku kiliniki pa ulendo wotsogolera womaliza, osati dzulo lake. Nenani kuti mukakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo onjezerani masabata, poti ndalama yobwerera imachedwa, maliro amagwa, mvula imadula misewu. Ngati simukudziwa tsiku lobwerera, pemphani kalata ya transifa. Ionetse dzina la mankhwala mokwanira, tsiku limene munayamba, zotsatira zomaliza za viral load (kuchuluka kwa tizilombo m'magazi) ndi CD4 (mlingo wa chitetezo cha m'thupi) pamodzi ndi madeti ake, komanso mankhwala ena alionse, kaya a TB, a shuga kapena a BP. A TB amene simunamalize miyezi yanu, kalatayo inene mwezi umene mwafika. Ijambuleni pa foni n'kutumiza chithunzicho kwa wachibale amene mumamukhulupirira, ndipo mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa katundu wa mu ngolo ya basi nthawi zina amafika patapita masiku.